Mayi Tepi ndi Mtsikana wa Mafunso

Si zoona kuti Mayi Tepi anathamangitsa mtsikana wa ku yunivesite uja ndi sizasi m'khonde la chipatala. Amene akufalitsa bodza limeneli ndi wa saluni, chikhalirecho tsiku limenelo iye anali pa shopu yake akuluka mutu wa munthu, chipatalacho sanachione n'komwe. Sizasi inalipo, zimenezo sitikukana. Koma sizasi ya Mayi Tepi imakhala m'thumba la epuloni kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Amapita nayo kogula ulusi, amapita nayo kozonda odwala, ndipo akanakhala kuti amathamangitsa nayo aliyense amene wawanyansa, bwenzi mumsewu muno mutatsala agalu okhaokha.

Dzina lakuti Tepi linachokera pa tepi yoyezera imene imalendewera m'khosi mwawo. Ndi yachikasu, manambala ake oyambirira anafufutika kalekale, koma eni ake amati manambalawo ali m'mutu. Kusoka anayamba ali ndi zaka khumi ndi zinayi pa khonde la sitolo ya amalume awo, ndipo zaka ziwiri zoyamba sanaloledwe kukhudza makina. Ntchito yawo inali kumasula misoko imene ena akhotetsa. N'chifukwa chake mpaka lero mukamawapatsa moni, iwo maso amakhala pa mpendero wa siketi yanu, kufufuza pamene pakhota. Anakwatiwa ndi dalaivala wa galimoto zikuluzikulu zonyamula katundu, amene poyamba ankabwera kamodzi pa mwezi, kenako kamodzi pa chaka, kenako anangotumiza chithunzi ataimirira pafupi ndi tayala. Anawasiyira zinthu ziwiri: makina opalasa ndi phazi, ndi mwana mmodzi wamkazi.

Mwanayo ndiye Batani. Ali wokwawa anameza batani la malaya a kasitomala, ndipo mayi ake anadikirira masiku awiri ndi kamtengo m'manja mpaka batanilo linatuluka. Analitsuka ndi sopo n'kulisokerera pomwe linachoka. Mwini malayawo akuwavalabe, ndipo palibe amene ali ndi mtima womuuza.

Shopu yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa saluni ndi wokonza mafoni, ndipo kuseri kwake kuli chipinda china chimene amagonamo ndi kuphikiramo. M'shopumo muli makina, tebulo lodulira, galasi lalitali losweka pakona, ndi mpando umodzi wa makasitomala umene nthawi zonse umakhala ndi mulu wa mathalauza odikira zipi. Khoma lake ndi la matabwa, moti wa saluni akayetsemula Mayi Tepi amati pepani. Mmenemo ndi mmene Batani anakulira, akutola mapini pansi ndi maginito.

Matenda a shuga anamupeza ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, kutuluka m'kalasi kasanu kukataya madzi, kenako tsiku lina anagwa ali pa mzere kusukulu. Anagona m'chipatala milungu iwiri, ndipo anatuluka ndi lamulo la moyo wonse: jakisoni wa insulini m'mawa, wina madzulo, asanadye.

Mayi Tepi anawatenga matendawo ngati oda ya madiresi a ukwati. Kubaya anaphunzirira pa lalanje mpaka lalanjelo linachita kufewa. Botolo la insulini analimata kapulasitala m'mbali, ndipo tsiku lililonse ankalembapo kamzere kosonyeza pamene mankhwala afika, kuti pasapezeke wonama. Buledi ankamuyeza ndi tepi: theka la inchi, osapitirira. Zakudya za dziko lonse anazigawa pawiri, zabwino ndi zakupha. Nthochi yakupsa kwambiri, yakupha. Bisiketi, yakupha. Keke ya pa tsiku lobadwa la mnzake wa Batani, yakupha kawiri. Ku kiliniki ya shuga, Sisita, nesi wamkulu wa kumeneko, ankawaimiritsa pamaso pa makolo ena n'kunena kuti, "Onerani mayi awa." Mayi Tepi ankayang'ana pansi ngati akuchita manyazi, koma benchi yakutsogolo sankaiphonya.

Insulini anagwira ntchito yake. Batani, amene anali ngati hang'ala yokolekera malaya, anayamba kudzaza. Masaya anabwerera, chiuno chinabwerera, kenako chinapitirira pang'ono. Atafika zaka khumi ndi zisanu anayamba kudzibaya yekha, mayi ake n'kumangoona mzere wa pa botolo. Koma panali ntchito imodzi imene mayiwo sanaisiyire munthu. Loweruka lililonse m'mawa, chitseko chili chotsegula, ankamuimiritsa mwanayo kutsogolo kwa galasi n'kumuzunguliza tepi. Telala sayeza chamumtima. Amatchula nambala mokweza kuti asaiwale, ndiye iwo ankatchula.

"Mainchi sate! Iwe, masiketi ako andimalizira nsalu."

"Koma jakisoniyu akumukonda mwanayu," ankatero wa saluni kuseri kwa matabwa. "Posachedwapa atipitirira tonse."

Panalibe choipa m'mitima mwawo. Ndi mmene amalankhulira anthu ogwira matupi a anzawo tsiku ndi tsiku. Batani ankangoseka pang'ono, manja ali m'mwamba, maso ali pa galasi.

Chaka chatha manambala anayamba kutsika. Twente naini. Twente eyiti. Twente seveni. Mayi Tepi ankayenda ngati sakuponda pansi. Anauza msewu wonse kuti ndi kadyedwe kamene akumupatsa, moti makasitomala awiri onenepa anapempha kuti awalembere papepala. Masiketi atatu a yunifolomu anawabweza onse. Telala aliyense amadziwa kuti ukabweza chovala cha mwana, nsalu yotsalayo umaipindira m'kati kuti tsiku lina udzafutukule. Mayi Tepi amadziwa zimenezo kuposa tonsefe. Koma ndi chimwemwe chija anaidula, ati imatukumula m'chiuno. Mizere ya pa botolo inkatsika bwinobwino, manambala a shuga amene Batani ankalemba m'kabuku kake anali okongola ngati a mwana wa aphunzitsi. Chimene chinkawasowetsa mtendere miyezi imeneyo chinali chimodzi chokha: mapini ankachita dzimbiri. Anakalipira wogulitsa, anasintha sitolo kawiri, koma mapini atsopano nawo pakangotha sabata, dzimbiri. Zoti mwanayo wayambanso kuyenda ndi botolo la madzi paliponse, iwo ankati ndi kutentha.

Ndiye kunabwera mtsikana wa mafunso.

Sisita anamuonetsa kwa makolo Lachinayi lina. Kamtsikana ka magalasi, chikwama kumsana, nsapato zafulati, siketi yogula yosokasoka imene mpendero wake unali wokwera mbali imodzi. Anati akuphunzira za maganizo a anthu ku yunivesite, ndipo akuchita kafukufuku. Anafotokoza kuti achinyamata a shuga, poti moyo wawo wonse ndi kuwerengera chakudya ndi kukwera sikelo, ena amayamba kuchiopa chakudyacho, ena amadya mobisa n'kumadzida, ena amachepetsa insulini dala kuti aonde. Iye ankafuna kuona ngati kuwakhazika pamodzi kamodzi pa sabata, milungu isanu ndi itatu, kungathandize kuti zimenezi zisayambe n'komwe.

Mayi Tepi anapukusa mutu mwachisoni, akuyang'ana ana a anzawo. Fomu anasaina asanamalize kuwerenga.

"Mukafuna wowaphunzitsa za kadyedwe, ine ndilipo," anatero. "Sisita akudziwa."

"Zikomo kwambiri, amayi. Koma makolo azidikira panja. Tsiku lanu lidzakhala mlungu wachisanu ndi chiwiri."

Chitseko chinatsekedwa. Munthu amene kwa zaka zitatu ankaimiritsidwa kuti ena aonereko anapezeka ali pa benchi ya m'khonde, limodzi ndi bambo wina wowotcherera zitsulo amene sankatha ngakhale kutchula dzina la mankhwala a mwana wake.

Lachinayi lililonse masana ankatseka shopu, chinthu chimene sanachite ngakhale tsiku limene anawazula dzino. Ankakhala pa benchi ija akupinda mpendero wa diresi la munthu, khutu lili ku chitseko. Mawu sankamveka. Chimene chinkamveka ndi kuseka, ndipo pakati pa kusekako panali kuseka kwa Batani, kuja kothera m'mphuno, kumene kunyumba kunali kutasowa chaka chathunthu.

"Mumaseka chiyani mmuja?" anafunsa ali m'njira.

"Palibe."

"Palibe ndiye amaseketsa chonchija?"

"Za mmuja zimatsala mmuja, amayi. Tinagwirizana."

"Munagwirizana. Ine amene ndinadikira batani masiku awiri ndiye sitinagwirizane chilichonse."

Mlungu wachiwiri anaona zachilendo. Sisita poyeza anawo pa sikelo ankawatembenuza kuti akwere chafutambuyo, nambala n'kuilemba ataphimba ndi dzanja. Ati ndi pempho la mtsikana wa mafunso. Mayi Tepi anasolola khosi kuti aone, koma Sisita, yemwe uja wa "onerani mayi awa", anatseka fayilo. Loweruka lake atatenga tepi, Batani sanakweze manja.

"Lero ayi, amayi."

"Ayi chiyani?"

"Asisi anati ndikhoza kukana."

"Asisi ati? Ine ndinabereka mmodzi."

Kuseri kwa matabwa choumitsira tsitsi chinazima, chizindikiro choti wa saluni watchera khutu. Pa nthawi yoweruka anawayandikira.

"Musadandaule, anzanga. Mwanayo wangopeza mayi wa digiri. Inu mutsala wosoka mayunifolomu."

Ananena moseka, koma Mayi Tepi kiyi anamuphonyetsa pa loko katatu.

Anayesa kuukitsa makolo anzawo pa benchi. Anawafunsa ngati akudziwa zimene ana awo akuululitsidwa kuseri kwa chitsekocho, n'kunena kuti tsiku lina nkhani za m'nyumba zawo adzazimva pa wailesi. Wowotcherera zitsulo uja anakanda ndevu.

"Mayi, wanga wayamba kudya nafe pamodzi. Kale ankadyera kuseri kwa nyumba ngati wakuba. Afunse zimene akufuna."

Kuyambira pamenepo Mayi Tepi ankakhala kumapeto ena a benchi.

Kenako inabwera nkhani ya nthochi. Batani anasenda nthochi yakupsa, ya madontho akuda, pamaso pawo penipeni.

"Yakupha imeneyo!"

"Asisi akuti palibe chakudya chakupha. Akuti pali chakudya chofuna kuchiwerengera basi, ndipo Sisita anavomereza."

Anangoluma kamodzi n'kuisiya pa tebulo, koma zimenezo mayi ake sanazione. Chimene anaona n'chakuti ntchito yawo ya zaka zitatu yagwetsedwa ndi kamwana kosadziwa ngakhale kusankha siketi.

Anaganiza zomukola ndi ulemu. Lachinayi lotsatira anamudikirira pa khomo, nkhope ili mwee.

"Achemwali, siketi yanuyo ikundipweteka m'maso. Bwerani ku shopu ndidzakukonzereni, ulere."

Mtsikanayo anabwera Loweruka. Anaimirira pa galasi, Mayi Tepi atagwada pansi, mapini ali kukamwa. Anayamba ndi za mvula, za kuchedwa kwa mabasi, kenako anafika pomwe amapita.

"Mwana wanga amakuuzani zotani?"

"Mufunseni, amayi. Ndikuganiza kuti angakonde mutamufunsa."

"Ndikufunsa inu."

"Sindinganene. Koma pakakhala choika moyo wake pa ngozi sindingabise. Ndinawauza onse tsiku loyamba, ndipo zili pa fomu ija."

"Muli ndi mwana inu?"

"Ayi."

"Munabayapo munthu jakisoni?"

"Ayi."

"Munagonapo pansi pa bedi la m'chipatala milungu iwiri?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye mumadziwa chiyani?"

"Zochepa. N'chifukwa chake ndimafunsa."

Munthu wotere ungakangane naye bwanji? Mayi Tepi anafunitsitsa kuti mpenderowo aukhotetse kumbuyo kumene mwini wake sangaone, koma manja anakana. Siketi inatuluka yowongoka ngati yojambula, inamukhala mtsikanayo bwino zedi, ndipo Batani atamuona anati, "Asisi, mwatchena!" Tsiku limenelo mayi ake anathyola singano ziwiri.

Ndiye anati kodi kufunsa mafunso ndi ntchito yofuna digiri? Anagula kope latsopano, anavala magalasi awo olowetsera ulusi pa singano, Lamulungu masana n'kumuitana Batani. Mathalauza aja anawachotsa pa mpando, chinthu chimene sachitira ngakhale mkazi wa mwini malo.

"Khala apo. Ukumva bwanji mumtima?"

"Bwino."

Analemba kuti bwino.

"Bwino bwanji?"

"Bwino basi."

"Kwa Asisi akowo umayankha chonchi?"

"Iwo amadikira mpaka ndimalize."

"Ndikudikira! Lankhula msanga, ndili ndi madiresi atatu a mawa."

Batani anapotokola chala pa ulusi wa pansi. Kenako anadzutsa mutu.

"Amayi, nditakuuzani chinthu china, mungathe..."

"Taima. Taimirira kaye. Siketi iyi yayambanso kukhwepa? Ona, zala ziwiri zikulowa! Vula ndibweze, mwana wanga, ukuchita bwino kwambiri."

Batani anavula siketi n'kuwapatsa. M'kope lija munatsala mawu amodzi okha aja, ndipo masamba enawo lero amalembamo miyezo ya makasitomala.

Chimene chinawamaliza anachipeza mlungu wachisanu. Ankafuna kusoka lamba wa chikwama cha sukulu cha Batani, amatero iwo, ngakhale lambayo anali asanaduke. M'kathumba ka m'kati munali pepala la ku gulu lija, la mafunso oyankhira kunyumba. Ambiri anali osayankhidwa. Limodzi linkati: Ndi ndani amene ungamuuze chinthu chimene ukuchita nacho manyazi? Pamzerepo Batani anali atalemba kuti Amayi, n'kufufuta ndi mizere iwiri, pamwamba pake n'kulemba kuti Asisi.

Akanapanda kuwalemba n'komwe, mwina zikanapiririka. Koma kulembedwa kenako n'kufufutidwa! Mayi Tepi anafukula fomu ija m'dirowa ya makina, ndipo ulendo uno anaiwerenga mpaka pansi, chala chikutsata mzere. Anapeza chimene ankafuna: kholo lili ndi ufulu wochotsa mwana wake mu kafukufuku nthawi iliyonse, popanda kupereka chifukwa. Kumbuyo kwake kunali malo osainira.

Lachinayi Batani anachoka kusukulu msanga osadzera ku shopu. Mayi ake sanavule n'komwe epuloni. Anafika gulu lisanayambe, anadutsa benchi ija osaiyang'ana, chitseko anakankha osagogoda. M'chipindamo munali mipando yozungulira yopanda anthu. Munali Sisita ataimirira ndi fayilo, Batani atakhala pansi maso ali psuu, ndi mtsikana wa mafunso atakhala pambali pake, dzanja lili pa phewa la mwana wa eni.

Dzanja limenelo ndi limene analiona. Anapisa m'thumba la epuloni kuti atulutse fomu, sizasi inakodwa m'pepalalo n'kugwa pa simenti, ngwee! Wokolopa amene ankadutsa pa khomo anaona sizasi, anaona nkhope ya Mayi Tepi, anasiya ndowa n'kuliyatsa liwiro. Kuthamanga konse kumene munamva ndi kumeneko.

"Ndabwera kudzachotsa mwana wanga."

Mtsikana uja sanayang'ane kumbali.

"Ndi ufulu wanu, amayi. Koma tinali pafupi kukuimbirani foni. Batani ali ndi mawu, ndipo ndamuuza kuti mawu amenewa sangadikire mawa. Batani, unena wekha kapena ndiyambe ine?"

"Ngati ali ndi mawu akanena kunyumba."

"Kunyumba mumandiyeza," anatero Batani.

Kenako mwanayo ananena, akuyang'ana mawondo ake. Kwa miyezi isanu jakisoni wa madzulo sankalowa m'thupi mwake. Mayi ake akakhala kuseri akuphika, iye ankakoka mankhwala mu sirinji monga mwa muyezo, kuti mzere wa pa botolo utsike bwino, n'kubaya kapilo ka mapini ka pa makina. Manambala a m'kabuku ankangopeka. Masiku ena ngakhale wa m'mawa ankabaya theka.

Sisita anawonjezera zake mosazungulira. Mkodzo auyeza pomwepo ndipo suli bwino. Shuga wakwera moti kamakina koyezera kakulephera kutchula nambala. Thupi likasowa insulini limadzidya lokha, kuonda kuja n'kumeneko. Mwanayo sabwerera kunyumba lero, agonekedwa, ndipo zikanapitirira milungu ina ingapo bwenzi tikukamba zina.

Mayi wina akanafunsa kuti chifukwa chiyani. Wina akanalira. Mayi Tepi anatembenukira kwa Batani n'kuloza mtsikana uja ndi chibwano.

"Uyu unamuuza liti?"

"Lero."

"Nthawi yanji?"

"Ola lapitali."

"Ndiye wandiposa ndi ola limodzi basi."

"Amayi!" anatero Sisita.

Mayi Tepi anakhala pa mpando umodzi wa anawo, tepi ili lendee pakati pa mawondo. Kenako anafunsa funso loyenera lija, ndipo yankho lake silinachedwe.

"Munkasangalala, amayi. Mukati sate munkausa moyo. Mukati twente seveni munkaitana wa saluni kuti adzaone."

Fomu inali idakali m'manja mwa Mayi Tepi. Mtsikana wa mafunso, pokhala munthu wotsata malamulo ake, anatulutsa cholembera n'kuwapatsa.

"Ngati mukufunabe kumuchotsa, amayi, chithandizo chake kuno sichisintha. Sisita amusamalira chimodzimodzi."

Mayi Tepi anachiyang'ana cholemberacho. Kusaina kunali kosavuta: mzere umodzi, ndipo mawu oti Asisi osadzamvekanso m'nyumba mwawo. Anayang'ana Batani. Maso a mwanayo sanali pa mayi ake, anali pa cholembera.

"Iwe ukufuna kumabwerabe kuno?"

"Eya."

"Chifukwa cha uyu?"

"Chifukwa muno sindine ndekha wobaya jakisoni. Komanso chifukwa cha iwo."

Mbali yomalizayo akanatha kuisiya, koma ana a masiku ano alibe chisoni. Mayi Tepi anapinda fomu kanayi, mapindidwe a telala, makona kukumana bwinobwino, n'kuibweza m'thumba.

"Sungani cholembera chanu, achemwali. Ndipo sunthani, pamenepo ndi pamalo panga."

Batani anagona m'chipatala masiku asanu. Tsiku lachiwiri mayi ake atapita kukatenga zovala anatumbula kapilo kaja. Utuchi wa m'kati unali wonyowa, wonunkha chipatala. Anakataya mwakachetechete, ndipo wogulitsa mapini amene anamunyoza uja mpaka lero sanamupepese.

Tsiku la makolo anapita, anakhala kutsogolo monga kale. Mtsikana wa mafunso anapempha zinthu zochepa: makolo asamakambe za thupi la mwana, kaya lanenepa kaya laonda, asamatche chakudya mayina oopseza, ndipo akaona mwana wa shuga akuonda asayambe ndi kuyamikira. Mayi Tepi anakweza dzanja.

"Nanga telala asoke bwanji osayeza?"

"Sindikudziwa, amayi. Katswiri ndinu."

"Ndimadziwa kuti simukudziwa. Ndimafuna anthu amve."

Njira anaipeza okha. Batani tsopano amamuyeza ndi kachingwe kopanda manambala, chitseko chotseka, pakamwa potseka, n'kumanga mfundo pamene chingwecho chakumana. Thupi litayamba kubwerera, masiketi atatu aja anathina, ndipo pofutukula panalibe, paja nsalu anadula. Anachita kuikamo zigamba zazitali m'mbali, ndipo mtundu wake sunafanane ndi wa nsalu yakale yosuluka ija. Teremu yonse, m'mawa uliwonse, ankaona kulakwitsa kwawo kukutuluka pa khomo kupita kusukulu, mizere iwiri yoderako m'mbali mwa mwana. Makasitomala akafunsa ankati ndi sitayelo yatsopano.

Musaganize kuti zonse zili bwino. Alipo masiku amene Batani amakhala ndi mbale patsogolo theka la ola, misozi ili m'maso, ndipo kawiri pa mwezi amakaonana ndi mlangizi wa pachipatala. Jakisoni wa madzulo amabaya mayi ake ali pomwepo. Anapempha yekha, pa pangano loti mayiwo azingokhala chete. Wa saluni akuti amamva kuseri kwa matabwa Mayi Tepi akung'ung'udza nyimbo ndi mphuno kuti pakamwa pasatseguke. Wa saluniyo nayenso anauzidwa kuti akadzatchulanso chiuno cha Batani azikasoketsa kwina, ndiye mwina n'chifukwa chake nkhani yake ikunenepa tsiku ndi tsiku.

Kafukufuku anatha, mtsikana uja anabwerera ku yunivesite kukalemba. Patapita miyezi anatumiza kwa makolo onse pepala la masamba awiri lofotokoza zimene anapeza, lopanda dzina la munthu. Linati gululo likuoneka kuti linathandiza ena, koma ana asanu ndi atatu ndi ochepa, pafunika kuyesanso ndi ambiri. Mayi Tepi analiwerenga kawiri akudzifunafuna. Anadzipeza pa tsamba lachiwiri: mayi wina, amene pano tamutcha Kholo D, anati chovuta kwambiri pa zonse ndi kukhala chete.

"D! Zaka zonsezi za jakisoni, ine n'kukhala D. Nanga A ndi ndani? Wowotcherera uja?"

Pepalalo sanalitaye. Aliyense wodikira zipi amawerengeredwa, afune asafune. Batani atafuna kulemba kalata yothokoza Asisi ake, mayi ake anagula okha envulopu, koma anakana kuikamo moni wawo. Mukawafunsa za mtsikanayo lero amaluma ulusi n'kunena kuti anali waulemu, kungoti sankadziwa kuvala.

Chilungamo chake n'chakuti Batani ali moyo chifukwa cha mtsikana wa mafunso uja, ndipo Mayi Tepi sadzamukhululukira.